Galimoto Imene Inkalira Batire Atachotsa

Sitikusamuka! Mwamva, anzanga? Sitikusamukanso ayi! Matumba amene tinamanga Lachisanu tamasula onse, yunifolomu yanga ili pachingwe, ndipo mawa Lolemba mundipeza pa desiki yanga yomwe ija ya pawindo. Inu amene munayamba kale kulimbirana malo angawo, pepani, mwagwa nayo. Koma poti mapemphero atha, sendezani mabenchi kuno, wina atseke chitseko, chifukwa mmene zinayendera kuti tisasamuke si nkhani yokambira pabwalo.

Nkhaniyi ndi ya azakhali anga a Dolika, amene amandilera. Masiku ambiri a sabatayi ine ndinkaweruka mochedwa kusukulu, ndiye ndikuuzani monga anandiuzira eni akewo, osathira mchere.

Azakhali ndi makaniko wa zamagetsi a galimoto. Atakwatiwa ndi a Lufeyo anatengedwa chitengwa, kubwera pa Nsanjiko pano, pamwamba pa chitunda, pamalo a abale a mwamuna. Abalewo sanawakondepo n'tsiku limodzi lomwe. Mkazi wovala ovolosi! Mkazi wogona chagada pansi pa magalimoto a amuna a eni! Koma a Lufeyo ankangoseka. Azakhali akalowa pansi pa galimoto, iwo ankanjuta pambali n'kuwayalira zipangizo pachiguduli, kuyambira chaching'ono mpaka chachikulu, zogwirira zake zitaloza kwa mkazi wawo kuti asavutike ndi kupapasa.

A Lufeyo anali ndi galimoto yakale yoyera, fobayifo, zija zokoka ndi matayala onse anayi, imene ankanyamulira mbatata kupita nazo ku boma. Tsiku lina mu Epulo, kukugwa kamvula kotsanzika, ankatsika chitunda chopita pa mlatho wa Nankhwazi cha m'ma folo koloko masana. Galimoto inakana kuima. Inakagwera m'ngalande cha kumanzere. Iyo inangopindika pang'ono kumbuyo, koma mwini wake chiwongolero chinawamenya pamtima, ndipo patapita masiku awiri anatisiya ali kuchipatala cha ku boma. Nsapato yawo imodzi sinapezeke. Chodabwitsa, galimotoyo ataikoka m'ngalandemo mabuleki ankagwira bwinobwino, ngati sinalakwepo kanthu.

Ndiye galimoto yomweyo ndi imene inakatenga bokosi. Mwambo wake mukuudziwa: maliro akamachokera kutali, amene wakhala pafupi ndi bokosi amayenera kuwauza malemu pamtsinje uliwonse, kuwatchula dzina, kuti tikuwoloka mtsinje wakuti, tiyeni kwathu. Apo ayi thupi limafika, mwini wake n'kutsala pamadzipo, kumangoyendayenda. Amene anakhala pafupi ndi bokosi tsikulo anali a Gelesomu, akulu awo a malemu. Koma a Gelesomu njira yonse pakamwa panali pa azakhali.

"Sabata yatha yomweyi simunali pansi pa galimotoyi inu? Munkagwirako chiyani? Yankhani!"

Anawoloka Nankhwazi akukalipa choncho. Azakhali anawamva matabwa a mlatho akugunda pansi pa matayala, gu-gu-gu, koma mtengwa angatsegule pakamwa pamaso pa eni maliro?

Mwambo wa maliro utatha, galimoto anaiimika m'shedi ya azakhali kuseri kwa nyumba. Miyezi itatu, osaikhudza munthu.

Lolemba lapitali a Gelesomu anatulukira ndi batire yatsopano paphewa, ati kudzatenga galimoto ya m'bale wawo. Kunali chiperoni, nkhungu ija yoti mbuzi yako yomwe umangoimva kulira osaiona. Anamanga batire, n'kupotokola kiyi. Injini inalira. Koma pa dashibodi panayaka kanyali kachikasu ka zilembo zitatu, ABS, n'kungoti ng'anii, osazima. A Gelesomu anazimitsa injini, kusolola kiyi, kuponya m'thumba la jekete.

Ndiye pansi pa boneti panayamba kulira chinthu. Mvuuuu. Osati mokweza ayi. Ngati munthu wamkulu akubuula atatseka pakamwa.

A Gelesomu anatuluka m'galimotomo chafutambuyo, mpaka kuponda beseni la oyilo.

"Mwamva? Mwamva, mayi inu? Kiyi ali m'thumba mwangamu! Akulira ndani m'menemo?"

"Ndi pampu ya mabuleki, alamu," anatero azakhali. "Mwina rileyi yamatirira. Ndi chinyezi."

"Chinyezi! Pampu ya kwanu imalira popanda kiyi? Ameneyo ndi m'bale wanga akudandaula. Munamudya ndi timawaya tanuto, lero akukunenani masanasana!"

Wotchi inali ikuti folo koloko. Azakhali anaiyang'anitsitsa.

Anthu anayamba kutuluka m'nkhungumo m'modzim'modzi, kuima patali, manja atapinda. Kenaka anafika apongozi awo, a Nachanza, mayi a malemu, ndi ndodo yawo. Anamvetsera kulirako mutu uli pansi mpaka kunatha kokha. Poyankhula sanayang'ane azakhali, anayang'ana chitsa cha mtengo.

"Loweruka tikusudzulani. Mutenge zimene munabwera nazo, ndi kamtsikana kanuko, muzipita kwanu."

Kamtsikanako ndi ine, tangoganizani!

Azakhali anagwada, maondo m'matope. "Kupita ndipita, apongozi. Koma sindingapite nditasenza dzina la wopha mwamuna. Ndipatseni mpaka Lowerukalo ndifufuze chimene chinalakwika. Likapezeka kuti ndi dzanja langa, ndidzachoka wapansi, opanda ngakhale supuni."

A Gelesomu anaseka chikhakhali, n'kuwaponyera kiyi. "Fufuzani, a injiniya. Fisi afufuze amene anadya mbuzi."

Tsono ndikufotokozereni pang'ono, poti ine ndakulira m'galajamo. ABS ija ntchito yake n'kuletsa matayala kuuma munthu akaponda buleki mwamphamvu, kuti galimoto isatsetsereke ngati sopo. Patayala lililonse pali kachipangizo kotchedwa sensa, kamene kamawerenga mmene tayalalo likuzungulirira n'kutumiza uthenga pawaya kupita ku kabokosi ka pansi pa boneti. Kabokosiko kakamva kuti tayala lina lauma, kamalamula pampu kuti imasule buleki pang'ono, igwire, imasule, igwire. Zanzeru zedi. Koma sensa ikanama, kapena waya wake akanama, kabokosiko kamamasula buleki pamene iwe ukuifunitsitsa.

Lachiwiri azakhali anayambira poyambira. Mafyuzi anawasolola onse, kuwaunika ndi tochi, onse amoyo. Rileyi, kachipangizo kamene kamatsegulira pampu magetsi, anaichotsa, kuigwedeza pakhutu, n'kuikamo ina yatsopano. Anapotokola kiyi, kuzimitsa, kumvetsera. Zii. Mtima unakhala pansi. Koma atalizanso injini, kanyali kachikasu kanali chiyakire.

Atatembenuka kuti atenge sipanala ya teni, imene anali ataiika pa batire pompano, panalibe.

Anafunafuna m'matumba a ovolosi, m'bokosi la zipangizo, pansi pa injini. Anaipeza kumbuyo, pansi, pafupi ndi tayala la kumanzere. Mbali imeneyo azakhali sankapitako chimwalirire a Lufeyo. Ndiyo mbali imene inagwera m'ngalande, ndipo matope a tsiku lija anali akadali pomwepo, ouma, ofiira. Anatola sipanalayo nkhope atatembenuzira kwina, n'kudziuza kuti mwina inagwa n'kugubuduka. Ngakhale sipanala sigubuduka.

Folo koloko itakwana, kiyi ali pa msomali m'nyumba, rileyi yatsopano ili m'malo mwake, chinayambanso. Mvuuuu. Galu wathu anadzuka pakhomo la shedi, mchira pakati pa miyendo, n'kupita kukagona kwa aneba. Amayi a pamjigo kutsidya kwa msewu anasiya kupopa madzi. Wina anaponya mwala padenga la malata, phwaa! ndipo mawu a mzimayi anatuluka m'nkhungu.

"Mfiti iwe! Umuleke mwana wa eni agone!"

Lachitatu anatenga mita yawo yoyezera magetsi. Anazula pulagi ya pakabokosi kaja n'kuyeza mawaya a masensa onse anayi. Kutsogolo kumanja, bwino. Kutsogolo kumanzere, bwino. Kumbuyo konse, bwino. Manambala ofanana ngati ana amapasa. Sanakhutire. Anaika jeke, kuchotsa matayala akutsogolo, kusolola masensa, kuwapukuta tizitsulo timene maginito ake amakoka, kubwezera. Tayala la kumbuyo kumanja, chimodzimodzi. Latsala limodzi lija anati, aa, mita yanena kale kuti lili bwino. Analiza injini. Kanyali kanazima kamphindi, azakhali n'kuyamba kumwetulira, kenaka ng'anii, kayakanso.

Anatambasula dzanja kuti atenge pulayala. Palibe. Tochi, palibe. Tepi, palibe.

Ulendo uno sanafunefune. Anazungulira galimoto pang'onopang'ono, akugwira bodi ndi dzanja. Pafupi ndi tayala la kumbuyo kumanzere panali payalidwa chiguduli. Iwo sanayale chiguduli tsiku limenelo. Pachigudulipo panali tepi, sipanala ya teni, pulayala, tochi. Kuyambira chaching'ono mpaka chachikulu. Zogwirira zake zitaloza kunsi kwa galimoto.

Azakhali akuti mantha anawagwira, anangoti khwithi pansi. Koma azakhali anga si munthu wokhalitsa ndi mantha, mantha awo sachedwa kusanduka ukali. Anaganiza kuti ndi a Gelesomu atuma anthu kuti awasokoneze mutu. Nanga a Gelesomu sankawaona a Lufeyo akuyala zipangizo? Ndiye anati, chabwino, tione. Anamasula batire yonse, kuinyamula, kukaiika patebulo m'nyumba. Boneti anaisiya yosatseka, malo a batire ali pululu. Anakhala pa mpando pakhomo la shedi, wotchi ili m'manja.

Itatsala pang'ono folo koloko a Gelesomu anafika ndi azibambo awiri, ati mboni.

"Zikuyenda, a injiniya? Mbuzi ija mwapeza amene anadya?"

"Suzumirani, alamu. Batire mulibe. Lero simumva kanthu. Chitsulo sichilira popanda magetsi."

A Gelesomu anasuzumira, azibambo aja anasuzumira. Mawaya awiri a batire ankangolendewera ngati michira ya mbewa.

Mvuuuu.

Abale inu! Mmodzi wa mboni zija anasiya patapata pomwepo. A Gelesomu milomo inachita kuyera ngati adya ufa, koma mawu atabwerera anabwerera ndi poizoni.

"Nanga apa mutiuza kuti chiyani? Chinyezi? Nenani, tikumva! Chinyezi?"

Azakhali anasendera pafupi ndi injini. Anaika dzanja pa pampu ija. Inali yozizira, yosagwedezeka n'komwe. Kulirako sikunkachokera pamenepo ayi. Kunkamveka ngati kukuchokera kumbuyo, pansi.

Madzulo amenewo wogulitsa tomato anakana kuwagulitsa. Anangophimba tomato wake ndi thumba, n'kuyang'ana kumbali.

Lachinayi m'mawa azakhali anadzuka ndi maganizo amodzi. Matenda ena a magetsi amabisala galimoto ikaima, amaonekera ikamayenda, makamaka ikamapindika m'mabampu. Ngati akufuna kuona chimene a Lufeyo anaona, ayenera kutsika chitunda chomwecho. Anabwezera batire. Panalibe woti n'kukwera nawo, ndipo anthu ataona galimoto yoyera ikutuluka m'shedi anakokera ana awo m'nyumba.

Nkhungu inali yoti kutsogolo kwa boneti ndiye mapeto a dziko. Anatsika pa giya yachiwiri. Pa Nsanjiko mukudziwa, pafupi ndi mlatho madzi anakumba mizere ikuluikulu yopingasa msewu, moti galimoto imachita kupotokoka, tayala lina m'mwamba lina pansi. Atafika pamenepo anaponda buleki pang'ono chabe.

Buleki inawakankha phazi. Gwe-gwe-gwe-gwe! ngati pali wina pansi akubweza ndi chibakera. Pampu inalira. Galimoto inapitirira. Anapondetsa ndi mphamvu zonse, yokhayokhayo gwe-gwe-gwe, ngalande ija ikubwera kumanzere ndi udzu wake wogona. Anakoka handibuleki ndi manja awiri, kumbuyo kunatsetsereka, injini inazima, galimoto n'kuima. Kuchokera patayala kufika m'ngalande, phazi limodzi.

Kunali zii. Madzi okha pansi pa mlatho.

Atakweza maso anayang'ana pagalasi la kumanzere. Pafupi ndi tayala la kumbuyo panali munthu atanjuta.

Anaona msana wa jekete basi, yonyowa, ndi mutu wowerama. Dzanja limodzi linali litalowa kunsi kwa galimoto. Munthuyo sankagwedezeka, sankayang'ana kugalasi. Anangonjuta, monga munthu wozolowera kudikira.

M'galimotomo munamveka fungo la dothi la mbatata zongokumba kumene. Azakhali anatsinzina. Anawerenga mpaka teni. Atatsegula maso, pagalasi panali nkhungu yokhayokha.

Anatsika n'kuzungulira galimoto. M'matope, pambali pa tayala, munali mapazi. Kwina nsapato, kwina phazi lopanda nsapato, zala zisanu zooneka bwinobwino. Mapaziwo anachokera kumlatho. Kobwerera kunalibe.

"Ndamva, a Lufeyo," anatero azakhali chapansipansi. "Pepani, ndimaopa matopewo. Ndamva."

Anakwera chitunda pa giya yoyamba, osayang'ananso pagalasi.

Lachisanu anayala chiguduli okha. Anaika jeke kumbuyo kumanzere, kuchotsa tayala, n'kuyamba kupala matope ofiira aja ndi sikuludiraiva, misozi ikugwera m'makutu poti anali chagada. Sensa inali yabwinobwino. Anagwira waya wake n'kumautsatira ndi zala, kukwera nawo, mpaka pamene umadutsa pamwamba pa chitsulo chachikulu cha pansi pa galimoto, pobisika poti diso silifika. Zala zinagunda kanthu kofewa.

Anaunika ndi tochi. Kanali kanthu kokulunga m'kansalu, kakakulu ngati chala chamanthu, komangidwa zolimba ndi waya wopanda chikopa, uja amachotsa m'matayala owotcha. Womangayo anazunguliza wayayo pachitsulo n'kumangira kumodzi ndi waya wa sensa, n'kupotokola ndi pulayala. Paulendo uliwonse wayayo ankadya chikopa cha waya wa sensa, mpaka kopa wa m'kati anali kuonekera, waliwali. Galimoto ikaima, sizinkakhudzana. Ikapotokoka pamizere ya pamlatho, zinkakhudzana, shoti. Kabokosi n'kumva kuti tayala lauma, n'kumasula buleki.

Azakhali analumikiza mita, n'kugwedeza kanthu kaja ndi chala. Manambala anavina.

Anapukuta kansaluko pang'ono ndi malovu. Kobiriwira, ka maluwa achikasu ndi timadontho ta nkhanga. Anakayang'ana nthawi yaitali. Sanakachotse. Anatuluka pansipo, kusamba m'manja, ndipo ine nditafika anangoti, "Manga matumba. Mtima wa munthu sudziwika."

Dzulo Loweruka, zimenezi ndiye ndinaona ndi maso angawa. Pofika eyiti koloko pabwalo pathu panali anthu ngati pamsika. Ena anabwera kudzaona mfiti ikuchoka, ena anali atayamba kale kuloza mipando yathu. A Nachanza anakhala pamkeka. A Gelesomu anavala jekete ya kutchalitchi.

Azakhali anatuluka atavala ovolosi, chitenje pamwamba.

"Alamu, inu maso anu ndi akuthwa. Tagwirani mita iyi, muziwauza anthu zimene mukuona."

"Ine ndigwire nyanga zanu?"

"Ndi mita, alamu. Ya m'sitolo. Kapena mukuopa?"

Anthu anaseka pang'ono, ndiye anaigwira ndi nsonga za zala. Azakhali analowa pansi pa galimoto.

"Manambala akutani?"

"Aima."

"Nanga pano?"

"Aku... akudumphadumpha."

"Chimene chinamasula mabuleki a amuna anga n'chimenecho. Pali chinthu chamangidwa pa waya wa tayala ili. Ine sindinachichotse, kuopa mungati ndasintha. Bwerani mudzaone nokha."

A Gelesomu sanasunthe. Thukuta linayamba kutuluka pamphuno, kunja kukuzizira chonchija. Amene anadzuka ndi a Nachanza. Nkhalamba ija inasiya ndodo, kugwada, kukwawa mpaka mutu unalowa pamalo a tayala. Azakhali anawaunikira.

Apo a Gelesomu anakuwa. "Chithumwa! Ndi chithumwa chimenecho! Mwaona, anthuni? Anamanga yekha mfitiyu, lero wadziulula!"

Khamu linachita phokoso, ena anayamba kutola miyala. Ine ndinagwira chitseko. Koma mayi wina wa pamjigo anafunsa mokweza, "Nanga inu mwadziwa bwanji kuti ndi chithumwa, a Gelesomu, musanasuzumire?"

"Ndipatse chodulira," anatero a Nachanza ali pansi pomwepo.

Azakhali anawapatsa pulayala. Panamveka kuti thethe. Nkhalamba inatuluka, kukhala pansi, n'kufunyulula kansalu kaja pachikhatho. M'kati munali timizu ndi phulusa. Zimenezo sanaziyang'ane n'komwe, anazitaya. Anayala kansaluko pabondo pawo, pachitenje chimene anavala. Chobiriwira, cha maluwa achikasu ndi timadontho ta nkhanga. Chakumapeto kwake chinali chong'ambika, ndipo kansaluko kanakwana pong'ambikapo ndendende.

Miyala inayamba kugwa m'manja mwa anthu, umodziumodzi.

"Gelesomu."

"Amayi..."

"Unabwera kwa ine mu Malichi. Unati ndikupatse kansalu ka m'thupi mwanga, asing'anga akatchinjirize mng'ono wako ku mankhwala a mkazi wake. Ndinang'amba ndi manja angawa. Unati ukaika pansi pa mpando."

"Pansi pa mpando akanachiona mayiyu, amayi! Amasesa m'galimotomo tsiku lililonse. Ndinangofuna pobisika. Ndinamanga kuti chisagwe basi."

"Ndi waya," anatero a Nachanza.

"Nanga ine mawaya a galimoto ndimawadziwa? Ndimafuna kumuteteza! Ndimafuna kumuteteza kwa ameneyu!"

Analoza azakhali, koma palibe amene anayang'ana kumene chala chinkaloza.

A Nachanza sanalire. Anangokhala, kansalu kali pabondo. Azakhali anagwada pafupi nawo n'kunena motsitsa, koma poti pabwalo panali zii tonse tinamva.

"Apongozi, pali chinanso. Tsiku lobwera ndi maliro, pa Nankhwazi sanauzidwe."

Nkhalamba inatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana mwana wawo wamkulu. A Gelesomu anavula chipewa, kuchivalanso, n'kuyamba kubwerera chafutambuyo mpaka nkhungu inawameza.

"Konza galimotoyi," anatero a Nachanza. "Tikamutenge."

Azakhali anadula pamene panadyekapo, kulumikiza, kuwotcherera, kukulunga tepi kawiri, kubwezera tayala. Anapotokola kiyi. Kanyali kachikasu kanayaka, kenaka psi! kanazima. Kanazimiratu! Ine ndinalumpha mpaka kugunda mutu pafelemu la chitseko.

Anakwera awiri okha, azakhali ndi apongozi awo. Asananyamuke, azakhali anapotolera galasi la m'kati kudenga, la kumanzere n'kulipinda. Pamizere ya pamlatho anaponda buleki, galimoto n'kuima ngati mwana womvera. Anawoloka, kukatembenukira kutsidya, n'kudzaima matayala akutsogolo atatsala pang'ono kugunda thabwa loyamba. A Nachanza anatsitsa galasi.

"Lufeyo! Lufeyo mwana wanga, ndine mayi ako. Pano ndi pa Nankhwazi. Tikuwoloka tsopano. Kwera, tiye kwathu. Kunja kuno kukuzizira."

Madzi okha. Kenaka galimoto inatsika pang'ono kumbuyo, cha kumanzere, masipuling'i n'kulira kuti kwii, monga imachitira munthu wamkulu akakhala. Chitseko sichinatseguke. Fungo la dothi la mbatata linadzaza m'katimo. Palibe anacheuka. Azakhali analowetsa giya, matabwa gu-gu-gu, a Nachanza akuyankhula njira yonse: apa ndi pa chigayo, mwana wanga, apa ndi pa mjigo, apa tikukhota.

Pamitengo ya kumanda anaima. Azakhali anatsika, kutsegula chitseko cha kumbuyo maso ali pansi, n'kupatuka. Masipuling'i analiranso, galimoto n'kukwera. Atasuzumira, pansi pa mpando panali nsapato imodzi ya bambo, yonyowa, yodzaza matope ofiira. A Nachanza anaikulunga m'chitenje chawo chong'ambika chija, n'kulowa nayo okha m'mitengomo.

Pobwera kunyumba anapeza matumba athu ali pakhonde. A Nachanza anawagunda ndi ndodo.

"Izi n'chiyani? Masula, mwana wanga. Ukufuna kupita kuti? Mudzi uno magalimoto ake azikonza ndani?"

Mwana wanga! A Nachanza kuwatchula azakhali kuti mwana wanga! Wa tomato uja madzulo anabwera yekha ndi mbale yodzaza, ati yangotsala.

Folo koloko anthu anadzazanso pabwalo, makutu ali kushedi. Inakwana. Inapitirira. Zii. Galu wathu anabwerako kwa aneba n'kukagona pansi pa galimoto penipeni.

Tsono imvani zotsiriza. Lero m'mawa, azakhali akutsuka zipangizo zawo, kunabwera a Gelesomu. Chipewa m'manja, maso ofiira, jekete yomwe ija ya dzulo. Anaima kunja kwa shedi, osalowa. Kwawo n'kumtunda kuja kuseri kwa chigayo, ndipo mukudziwa nonse kuti alibe galimoto, alibe njinga yamoto, ngakhale wailesi yawo inafa chaka chatha.

"Alamu," anatero, mawu ngati a mwana, "kodi pampu ija... ingamveke mpaka kwathu kuja?"

"Bwanji, alamu?"

"Dzulo folo koloko... kuseri kwa nyumba yanga. Kenaka m'chipinda. Pansi pa bedi penipeni."

Azakhali anapukuta sipanala ya teni bwinobwino, mbali iyi ndi mbali iyo, n'kuiika pachiguduli.

"Kaya, alamu," anatero. "Mwina ndi chinyezi."